Pamene Kamunthu Kanaima pa Makwerero

Wakufa sungapikisane naye. Wamoyo ukhoza kumudikira kuti alakwitse, aledzere pa ukwati, atukwane apongozi. Wakufa amangokomerakomera chaka ndi chaka. Arvid Lahti ankazidziwa bwino zimenezi, chifukwa kwa miyezi khumi ndi inayi anali akufunsira Lorna, mkazi wamasiye wa mnzake Duane Tervo, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza Duane atamutsogolera kale m'nyumbamo.

Lachiwiri limenelo anamaliza kukokolola chipale chofewa pakhomo pa Lorna, anamenyetsa majombo pa sitepe, n'kulowa. Kanyimbo kanamulonjera asanavule n'chipewa chomwe.

Lorna anali pa mpando wake wa masiku onse, kapu ili m'manja, tsitsi la imvi atalimangira kumbuyo. Pakona pankayaka wailesi yakanema yakale, yachimimba. Chowongolera gemu chinali pansi, popanda wochigwira, koma pa galasi kamunthu kankathamanga, kudumpha, kukwera.

"Usandiime kutsogolo," anatero Lorna. "Khofi ali pa chitofu. Watsala pang'ono kufika."

Gemuyo inali ya kamunthu konyamula nyali, kokwera makwerero mumgodi miyala ikukagwera. Anyamata a m'tauni yawoyo ya Ishpeming anaidziwira m'makabati aatali oponyamo ndalama zachitsulo, amene ankaima m'malo omwera mowa. Kenako kampani ina, imene inafa kalekale, inaifinyira m'kaseti ya kamakina kake ka m'nyumba. Kamakinako sikanayende malonda. M'tauni monse anali nako Duane yekha, chifukwa Duane ankagula chilichonse wogulitsa akangomusekerera. Pofinyapo anadula migodi iwiri, mitundu inazilala, nyimbo inatsala ngati kulira kwa nkhululu. Koma anaikamo chinthu chimodzi chimene makabati aja analibe. Kasetiyo inkasunga masewero a munthu amene waposa onse, batani lililonse mmene analidinira, ndipo ukaisiya osaigwira inkawabwereza yokha.

M'munsi mwa galasi munali zilembo zitatu, DRT. Mwini zilembozo, Duane, anagwa ndi mtima zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, fosholo ili m'manja, pakhomo lomwelo limene Arvid ankakokolola.

Pa mgodi wachinayi, pakatikati pa makwerero aatali, kamunthu kanaima. Sikanakwere, sikanatsike. Mwala unadutsa chapafupi kwambiri. Lorna ankagwedeza milomo, kuwerenga. Atafika pa khumi ndi ziwiri kamunthu kanadzidzimuka n'kuyamba kukwera ngati pali chokathamangitsa.

"Wamuona?"

"Ndamuona kambirimbiri."

"Ndi pamene ndinatsegula chitseko cha chipinda chapansi. Namwino anali atangondiimbira foni. Ndinakuwa ndili pamwamba pa masitepe kuti, Duane, tikhala ndi mwana. Timapazi ta kamunthu tinangoti zii. Munthu wolongolola ngati uja, kusowa chonena." Lorna anaseka pang'ono. "Kenako ndinakumbukira kuti nawenso uli komweko. Manyazi ake. Ndinatseka chitseko n'kuthamangira kukaimbira amayi."

Nkhaniyi Arvid anali ataimva nthawi zosawerengeka. Anamwa khofi wake.

"Zikuipa, Arvid. Masabata atatu apitawo nditayatsa ndinapeza mizere iwiri ya m'munsi, pamene pamalembedwa mayina, itasanduka zinyalala. Mwana wanga Brianne wafunsa anthu odziwa. Akuti ndi batire."

"Kabatireko kali m'kati mwa kaseti, kakang'ono ngati batani la jekete. Makina akazima, ndi iko kamagwira zonse. Anakapangira zaka khumi. Kapitirira makumi atatu."

"N'chifukwa chake sindinazimitsenso kuyambira tsiku limenelo. Koma pa wailesi akuti Lachisanu madzulo kukubwera chimphepo cha chipale. Magetsi athu ukuwadziwa."

"Paja Brianne anajambula zonse pa foni."

"Chija n'chithunzi. Izi ndi zala zake. Makinawa akudina pamene iye anadina." Anatembenuka n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo. "Ungasinthe osamutaya?"

"Zimatheka. Umayamba walumikiza batire lina pambali kuti ligwirizire, ndiye n'kuchotsa lakalelo. Koma dzanja likangoterereka kamodzi, basi."

"Lako siliterereka."

Arvid anaika kapu pansi. "Lorna, funso langa la pa Khirisimasi lija."

"Ndikulikumbukira. Sindine mwana. Koma sindingaganize za ukwati mwamuna wanga akufa kachiwiri pakona apo. Ndipulumutsire ameneyu. Ukatero ndikuyankha."

* * *

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Arvid anakhala m'galimoto yake osailiza, akuyang'ana kakhomo ka m'mbali mwa nyumba kotsikira kuchipinda chapansi. Chipale chinali chitakakwirira mpaka pa loko.

Loweruka lija la mu June 1989, Duane kuchipinda chapansiko kunalibe.

Anali ndi njira yake. Ankaitana Arvid kudzasewera, n'kukweza nyimbo mpaka izimveka kukhitchini kudzera m'mapaipi a mpweya wotenthetsa nyumba, n'kumupatsa chowongolera. "Usafe, Lahti. Ukafa nyimbo imasiya." Akatero ankatulukira kakhomo kaja, kuzemba kuseri kwa magalaja, ulendo wa kwa Marlys Pelkie, amene mwamuna wake ankakhala miyezi pa sitima zapamadzi zonyamula miyala ya chitsulo. Nyimbo ikamalira ndiye kuti Duane ali pakhomo. Mboni yake inali imeneyo. Arvid anaidziwa gemuyo kuposa munthu aliyense chifukwa sankaloledwa kufa, ndipo akamaliza ankalemba DRT, kuti Lorna akadzaona asadabwe.

Ankavomeranji? Ankamva mapazi a Lorna pamwamba pa mutu wake, kuchoka pa sinki kupita pa chitofu, ndipo kwa iye zinali zokwanira. Anamukonda kuyambira ali kusukulu, koma pakamwa pake panali polemera, pa Duane popepuka, ndipo akazi amapita kopepuka. Mwinanso pansi pa mtima ankadikira tsiku loti Duane agwidwe. Anthu ofatsa si onse oyera.

Ndiye chitseko chinatseguka, mawu aja n'kugwera pa iye yekha. Manja anafa. Atadzuka, anadzuka ndi ukali. Anakwera mgodi wachinayi, anabwerera poyamba, anazungulira gemu yonse katatu osataya moyo ndi umodzi womwe, mano atalumana. Duane analowa akununkhira sopo wa nyumba ina.

"Kwera," Arvid anamuuza. "Mkazi wako ali ndi pathupi. Akuyesa kuti wamva."

Duane anaima kamphindi, kenako anaseka, anamumenya paphewa, n'kukwera masitepe awiriawiri. Za Marlys anazisiya chaka chomwecho. Anakhala bambo wabwino, monga anthu amanenera pa maliro. Masewero aja sanawapose, ndipo Lorna akamafotokozera alendo za kuima kwa kamunthu, Duane ankangokanda m'mutu n'kumwetulira.

Choncho kwa zaka zisanu ndi chimodzi Lorna ankalonjera manja a Arvid m'mawa uliwonse, n'kumawatchula dzina la munthu wina.

* * *

Uthenga unalowa pa foni Lachitatu m'mawa. Unali wa Marlys. "Ndamva kuti wapatsidwa opaleshoni. Bwera ku lesitilanti ya Aune masana ndikugulire supu. Usandikanire, ndikudziwa kwanu."

Anamupeza pa tebulo la pawindo, tsitsi atalidaya lofiira, ndolo zikulendewera. Chiikire mwamuna wake m'manda, Marlys ankasiya mbale za chakudya pakhomo pa Arvid kawiri pa mwezi. Arvid ankadya, kutsuka mbale, kubweza, osalowa m'nyumba.

"Nkhani zimayenda," anatero Arvid pokhala pansi.

"Ziyende bwanji osayenda? Lorna wapempha azimayi onse a kutchalitchi kuti amukumbukire m'mapemphero. Kupempherera batire, Lahti. Abusa asowa vesi."

"Ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna udye. Waonda ngati mpini wa fosholo. Chaka chathunthu ukukokolola pakhomo pa munthu, wakupatsa chiyani? Khofi?"

"Ndi khofi wabwino."

"Ndi woipa. Tauni yonse imadziwa. Duane ankamuthira m'maluwa."

Supu inabwera, ya nandolo ndi nyama ya nkhumba. Marlys anadikira kuti wobweretsayo achoke.

"Ndinapita kwa Lorna maliro a Duane atangotha, kukapepesa monga anthu amachitira. Anandikhazika pansi, ineyo, n'kundiyatsira gemu ija. Akuti taona Marlys, apa Duane wanga waima. Ndinaluma lilime mpaka magazi. Nthawi imeneyo Duane wake anali atagwada, akufunafuna sokosi kunsi kwa bedi langa."

"Tsitsa mawu."

"Muno onse ndi ogontha, taona mitu yawo." Anasendeza mbale pambali. "Tamvera. Dzanja la munthu wa zaka zako limanjenjemera. Palibe angakuloze chala. Lisiye literereke. Bodzalo life pamodzi ndi batire lake."

"Kenako Lorna asadzandiyang'anenso. N'zimene ukufuna."

"Ndimafuna zambiri, sindibisa. Nyumba yanga ndi yotentha ndipo mulibe mzukwa. Koma iwala za ine. Tiyerekeze wachikonza, wakuvomera. Uzidzuka m'nyumba imeneyo kanyimboko kakulira. Azikugwira dzanja n'kumalirira mwamuna wina pa ntchito ya dzanja lomwelo. Upirira zaka zingati?"

Arvid anatakasa supu yake. Vuto la Marlys linali lakuti ankanama kawirikawiri, koma akafuna kupweteka munthu ankagwiritsa ntchito zoona.

"Iwe sunamukonde Duane," anatero Arvid. "Bwanji sukuzisiya?"

"Ndani wakuuza? Ine anandisiya ndi chikalata cha mizere itatu pansi pa chitseko. Uyo anatsala ndi nyumba, mwana, dzina, ndi nthano yokoma. Tsopano akufuna atenge ndi iwe yemwe. Mkazi mmodzi adye mbale zonse?" Anapukuta milomo, chofiira n'kutsalira pa kapepala. "Ndikukalamba, Lahti. Pakamwa pa nkhalamba sipatsekeka bwino. Ndikadzamva belu la ukwati, sindikudziwa chimene chidzatuluke."

* * *

Lachinayi masana galimoto yachilendo inaima pakhomo pa Arvid. Munatuluka Brianne, mwana yekhayo wa Lorna, amene ankakhala ku Green Bay. Kuyambira ali wakhanda ankamutcha ankolo. Chimvereni za funso la pa Khirisimasi, anasanduka bambo Lahti.

"Ndayendetsa maola atatu kuti ndikuuzeni pamaso."

"Lowa, kukuzizira."

"Ndilankhulira pompano. Ku Milwaukee kuli munthu amene ntchito yake ndi yomweyi, makaseti akale. Ndikanakonda kutumiza kumeneko."

"Kuti utumize uyenera kuzimitsa. Masiku atatu m'bokosi, m'thiraki yozizira. Kabatireko sikangafike ngakhale ku Escanaba pafupipa."

Brianne anali akudziwa kale. Zinaoneka pa mmene anakanikizira milomo. "Ndiye mwatsala inu nokha. Zakukomerani."

"Ukutanthauzanji?"

"M'tauni muno muli munthu mmodzi yekha amene angapindule chinthu chija chikafa. Ndipo amayi apereka mpeni kwa munthu ameneyo."

Anali ndi maso a Duane, otuwa, oseka ngakhale mwini wake atakwiya. Arvid anayang'ana kumbali.

"Ndinakunyamula pa ubatizo wako, Brianne."

"Munandinyamula. Munalinso pa tebulo lathu Khirisimasi iliyonse, adadi akudula nyama, inu maso ali pa amayi. Mumayesa mwana saona? Mwadikira zaka makumi atatu kuti mpando utsale wopanda munthu."

"Sindinalakwire bambo ako ngakhale tsiku limodzi."

Zinali zoona, ndipo zinamuwawa pozinena.

"Mwina." Brianne analowetsa manja m'matumba a jekete. Mawu ake anatsika. "Malo aja pamene kamaima paja, ndi ine. Ndicho chinthu choyamba chimene adadi anachita atamva za ine. Anzanga ali ndi makalata, ena mawu ojambulidwa. Ine ndili ndi chimenecho. Chikafera m'manja mwanu, amayi adzakukhululukirani, ndimawadziwa. Ine ayi. Ndipo sangakwatiwe ndi munthu amene mwana wawo salowa m'nyumba mwake."

"Ndamva."

"Mawa ndidzakhala pomwepo. Ndidzayang'ana zala zanu."

Anabwerera ku galimoto osatsanzika. Arvid anatseka chitseko, n'kutambasula manja ake pamaso pake. Sankanjenjemera. Akanakonda akananjenjemera, nkhani ikanagamulidwa ndi ukalamba osati ndi iye.

* * *

Lachisanu kunacha kumwamba kuli ngati chitsulo. Pofika teni koloko mitengo inali itayamba kale kuwerama. Arvid anayala thaulo loyera pa tebulo la kukhitchini kwa Lorna, n'kundandalikapo chowotcherera, timawaya tiwiri ta mano, sikuludiraiva yaing'ono, mita yoyezera mphamvu, ndi mabatire awiri atsopano. Brianne anakoka mpando n'kukhala pafupi kwambiri moti Arvid ankamva mpweya wake.

"Azimitse ndani?" anafunsa Brianne.

"Ine," anatero Lorna. Koma anapempha kuti aonere kaye kamodzi. Anaonera onse atatu ali chiimire. Kamunthu katapitirira makwerero aja, Lorna anagwada n'kudina.

M'nyumba munangoti zii. Kwa masabata atatu kanyimboko kanali kasanapume, ndipo bata limene kanasiya linali ngati la m'nyumba ya maliro anthu atabalalika. M'mapaipi a pansi munkamveka mphepo yokha.

Arvid anatsegula kaseti. M'kati munali fungo la fumbi lakale ndi fodya, fodya wa Duane. Anagunditsa mita pa kabatire n'kuwerenga.

"Zili bwanji?" anafunsa Lorna.

"Katsala ndi mpweya womaliza. Musandilankhule."

Analumitsa timawaya, kofiira uku, kakuda uku, batire logwirizira n'kuyamba kunyamula katundu. Anayezanso. Kenako anatenga chowotcherera. Kabatire kakale kanali ndi timiyendo tiwiri towotchereredwa pa bolodi la m'kati mwa kaseti, ndipo pafupi ndi kamwendo koyamba panali tinsonga tiwiri tasiliva, totalikirana ngati makulidwe a chikhadabo. Dontho limodzi la mtovu likanagwera pakati pa tinsongato, zonse zikanafufutika. Palibe akanaona, ngakhale Brianne. Anthu akanati batire linafa lokha ntchito ili m'kati.

Mtovu unasungunuka, n'kulendewera kunsonga ya chowotcherera.

Usafe, Lahti.

Anawamva bwinobwino, ngati akuchokera m'paipi ya pansi pa tebulo. Mawu oseka, a munthu amene akuvala jekete. Ngakhale ali m'manda Duane anali atamusiyira chowongolera kuti nyimbo isasiye. Ukali wa Loweruka lija unamukwera Arvid, ndipo dzanja linasendera lokha ku tinsonga tija.

Pamenepo ndi pamene anaganiza chinthu chimene anali asanachiganizepo. M'kabokosi kakudako munalibe Duane. Duane sanasiyemo chala ndi chimodzi chomwe. Munali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi amene anamva kuti mkazi amene amamukonda wapita kotheratu. Sanauzepo munthu, sanalembe pena paliponse. Dziko lonse lapansi, malo amene zinalembedwa anali amenewa okha. Ndipo Lorna ankaziwerenga m'mawa uliwonse, n'kumati ndi chikondi.

Anabweza dzanja. Anapukutira mtovu pa siponji yonyowa, psii. Anamasula kamwendo koyamba, kachiwiri, anachotsa kabatire kakale, anaika katsopano, anawotcherera. Anayeza katatu asanamasule timawaya.

"Ndatha."

Lorna analowetsa kaseti, anayatsa. Galasi linangokhala lotuwa.

Brianne anatembenukira kwa Arvid pang'onopang'ono. Lorna anazula kaseti n'kuyamba kuiuzira mpweya kukamwa kwake, monga ana onse a nthawi imeneyo ankachitira.

"Usauzire, malovu amadyetsa dzimbiri. Sinakhale bwino basi. Ikanikize mpaka ilire."

Lorna anakanikiza. Inalira kuti tha. Kanyimbo kanayamba, kopyapyala, kosasintha. Kamunthu kanatuluka ndi nyali yake. DRT. Anaonera mpaka mgodi wachinayi. Pakatikati pa makwerero kanaima, mwala unadutsa, milomo ya amayi ndi mwana inawerengera pamodzi.

Brianne anapukuta m'maso ndi dzanja la juzi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kabatire kakufa pa thaulo.

"Zikomo, ankolo," anatero, ngati mawuwo ali ndi minga. "Ndikagule buledi ndi makandulo masitolo asanatseke. Ndibwera ndi keke."

* * *

Galimoto itachoka, Lorna anakhala moyang'anana naye pa tebulo. Panja chipale chinali chitayamba kugwa chopingasa. Anaika dzanja lake pa dzanja la Arvid.

"Yankho ndi inde. Linali inde kuyambira pa Khirisimasi. Ndinkangoopa kuti ndikavomera iye ali pangozi, ndikhala ngati ndamugulitsa."

Arvid anayang'ana dzanja la Lorna. Anadikira mawu amenewo kuyambira ali ndi tsitsi lakuda.

"Tidzachita mu May, chipale chikasungunuka. Osati zambiri. Abusa, Brianne, mchemwali wako." Lorna anamwetulira, kenako anayang'ana chakuchipinda chochezera kumene kanyimbo kankalira. "Koma ndipatse mphatso imodzi. Duane sankafuna kundiuza. Ndikamufunsa ankangoseka, amvekere sindikukumbuka. Iwe unalipo. Ndiuze mmene nkhope yake inaonekera nditakuwa."

Wabodza wodziwa ntchito amanena zochepa. Duane ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ankati sakukumbuka. Arvid akanangoti anamwetulira, nkhani ikanathera pomwepo. Koma dzanja la Lorna linali lofunda pa lake, ndipo mawu amene anatsekeredwa zaka makumi atatu ndi ziwiri anapeza pobowoka.

"Chitseko chitatseguka kuwala kunagwera pa masitepe. Iwe sunkaoneka, chithunzithunzi chako chokha pa khoma. Utanena, manja anafa. Kuyambira m'zala mpaka m'zigongono, ngati awaviika m'nyanja nthawi ya chisanu. Mwala unkaoneka ukubwera, koma chala chinakana. M'kamwa munauma, mukumveka ngati wanyambita chitsulo. Anafuna kuyankha, koma akanati chiyani? Mtima unkagunda m'makutu kuposa nyimbo. Ankangopempha chamumtima kuti utsike." Anameza malovu. "Ndiponso kuti usatsike."

Lorna anali akulira mwakachetechete, akumwetulira. Kenako kumwetulirako kunaima.

"Kuti ndisatsike?"

"Manyazi. Mwamuna safuna kuonedwa ali choncho."

"Ndakufunsa za nkhope yake, Arvid."

"Kunali kamdima."

"Wandiuza za m'kamwa mwake. Munthu amadziwa bwanji mmene mukumvekera m'kamwa mwa mnzake?"

"Anandiuza pambuyo pake."

"Duane? Duane amene ankalephera kuuza dokotala pamene pakupweteka?"

Lorna anayang'ana pansi, pa dzanja limene analigwira. Zala zazitali, zipsera za mtovu, chala chachikulu chopindikira kunja. Anayang'ana ku chipinda chochezera. Kamunthu kanali katayambiranso ulendo wake, kakudumpha miyala ya mgodi woyamba. Anayang'ananso dzanja.

"Unali iwe."

Silinali funso.

"M'mawa uliwonse," anatero Lorna, chapansipansi. "Ndimadzuka, ndimafuula dzina lake mumtima, ndipo amene amaima ndi iwe. Unaima chifukwa cha ine."

"Inde."

Sanachotse dzanja. Pankhope pake panadutsa chinthu chimene sichinali mkwiyo, ndipo kwa kamphindi Arvid anayesa kuti wapulumuka, kuti mwina choonadi chili ndi chifundo. Koma anaona ganizo lachiwiri likubwera m'maso mwa Lorna, pang'onopang'ono, ndipo panalibe kodumphira.

Panja panamveka galimoto ikulowa, matayala akuphwanya chipale. Chitseko chake chinatsekedwa. Brianne anayamba kumenyetsa majombo pa sitepe, akuimba kanyimbo ka gemu chapakhosi.

"Amayi, tanditsegulirani, manja adzaza."

Lorna sanadzuke. Zala zake zinafinya dzanja la Arvid mpaka zikhadabo kulowa.

"Mwana uja akukhulupirira kuti bambo ake anaima atamva za iye," anatero monong'ona. "Ndiuze ndisanatsegule chitseko. Ngati chowongolera chinali m'manja mwako, mwamuna wanga anali kuti?"